Energy yopanda malire ndi power ya ziro: kodi buku likunama?

Wophunzira wina wa zamagetsi ndi mauthenga wafunsa motere: "Buku lathu likuti funde la sine lili ndi energy yopanda malire, pomwe pulse imodzi ili ndi power ya ziro. Ine sizikundilowa m'mutu. Palibe jenereta imene ingatulutse energy yosatha, ndipo pulse yamphamvu imatha kuwotcha rezisita, nanga power yake ikhala ziro bwanji? Chinanso, ndikawerengera energy pa kompyuta kuchokera ku masampulo, kenako n'kuwerengeranso kuchokera ku FFT, manambala sakugwirizana. Kodi zogawa masiginolo m'magulu awiriwa zili ndi ntchito kunja kwa mayeso?"

Kukayika kwanu kuli pamalo pake. Jenereta iliyonse inayatsidwa tsiku lina ndipo idzathimitsidwa tsiku lina, kotero siginolo iliyonse yoyenda m'waya weniweni ili ndi energy yoti mukhoza kuiwerenga n'kuimaliza. Funde la sine la m'bukulo ndi la papepala. Tinalipatsa dala moyo wopanda chiyambi ndi mapeto kuti masamu asamavute. Mawu akuti "yopanda malire" sakunena za chinthu chimene chilipo penapake ayi. Akukuchenjezani kuti pa siginolo yamtunduwu, mukafunsa za energy yonse simupeza nambala yogwirika, ndiye funsani funso lina. Ziro wa pulse ujanso akunena zomwezo, kungoti mozondoka.

Nkhani yonse inachokera pa rezisita. James Joule anaonetsa mu 1841 kuti kutentha kwa waya kumakwera motsatira sikweya ya magetsi odutsamo, ndipo tikalemba lamulo lomwelo ndi voteji timapeza v² kugawa ndi R, pomwe v ndi voteji ndipo R ndi kukula kwa rezisita mu ma ohm. Anthu a signal processing amatopa ndi kumangonyamula R paliponse, choncho anagwirizana zoyesa ngati rezisitayo ndi ya 1 ohm. Zikatero power ya pa kamphindi kalikonse imangokhala x², pomwe x ndi msinkhu wa siginolo pa kamphindiko. Mukawonkhetsa x² kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto a nthawi, ndi integral ngati siginolo ndi yosadukiza kapena ndi kuphatikiza wamba ngati muli ndi masampulo, mwapeza energy, ndiye kuti mphamvu yonse imene siginoloyo yapereka. Mukatenga energy ya m'kachigawo ka nthawi n'kuigawa ndi kutalika kwa kachigawoko, kenako n'kumakatalikitsa osalekeza, nambala imene mukufikapo ndiyo power, avereji ya liwiro limene mphamvuyo ikutuluka nalo. Munthu akakhuthula ndowa ya madzi mumafunsa kuti munali malita angati. Pa mtsinje woyenda chaka chonse funso limenelo n'lopanda mutu, mumafunsa kuti akudutsa malita angati pa sekondi.

Samalani pang'ono ndi mgwirizano wa 1 ohm umenewu. Ngati x ndi voteji, energy imene mwapeza ili mu V² kuchulukitsa masekondi, ndipo imasanduka ma joule enieni pokhapokha mutaigawa ndi R weniweni wa rezisita yanu. Ngati x ndi kuwala kwa kadontho ka pa chithunzi kapena nambala yotuluka mu ADC, chipangizo chosandutsa voteji kukhala manambala, ma joule kulibe n'komwe, latsala ndi dzina lokha.

Tsopano pulse yanu. Tiyerekeze kuti ndi ya mavolti 5 ndipo imakhala mamilisekondi 2. Pa nthawi imene ilipo, power yake pa 1 ohm ndi mawati 25, ndipo amenewa ndi amene amawotcha rezisita. Energy yake ndi 25 kuchulukitsa 0.002, kutanthauza ma joule 0.05. Gawani 0.05 ameneyu pa sekondi imodzi, avereji ndi mawati 0.05. Mugaweni pa masekondi 1,000, yatsika kufika pa 0.00005. Mukamatalikitsa nthawi, pamwamba pa samuyo sipakuwonjezeka kanthu pomwe pansi pakungokula, ndiye yankho likulowera ku ziro. Ziro wa m'buku ndi ameneyu, avereji ya pa nthawi yosatha, osati power ya pa kamphindi kamene pulse inamenya. Mabuku ambiri amasiya liwu loti avereji chifukwa cha changu, n'chifukwa chake ophunzira amasokonezeka.

Funde la sine limachita zosiyana. Likakhala ndi nsonga ya 1 volt, avereji ya sikweya yake ndi theka, chifukwa sikweya ya sine imavina pakati pa 0 ndi 1 mofanana mbali zonse. M'masekondi 10 lapereka ma joule 5, pa ola limodzi 1,800, mawa lidzakhala litapereka ochuluka kuposa pamenepo. Energy ikungokwera, koma mukaigawa ndi nthawi mupeza 0.5 nthawi zonse. Nambala yokhazikika imeneyi, A² kugawa ndi 2, pomwe A ndi nsonga ya funde, ndiyo ikukuuzani kukula kwa fundelo. Sikweya ruti yake ndi ija timaitcha RMS, pafupifupi 0.707 ya nsonga. Magetsi a m'nyumba amene m'mayiko ambiri amalembedwa kuti 230 V, nambalayo ndi RMS, nsonga yake imafika pafupifupi mavolti 325.

Onani mmene malire a magulu awiriwa alili ofewa. Pulse ija ya ma joule 0.05 mukamaibwereza pa mamilisekondi 20 aliwonse osasiya, yasamuka gulu. Tsopano energy yake ilibe malire ndipo power yake ndi 0.05 kugawa ndi 0.02, mawati 2.5, gawo limodzi mwa magawo 10 a mawati 25 aja chifukwa imayaka gawo limodzi mwa 10 a nthawi. Mainjiniya a radar amakhala ndi manambala atatu onsewa m'mutu nthawi imodzi: power ya pansonga imene zida ziyenera kupirira osathetheka, avereji imene imanena za kutentha ndi magetsi ofunika, ndi energy ya pulse iliyonse imene imanena ngati ndege yakutali ioneka kapena ayi. Palinso masiginolo osalowa gulu lililonse. Mzere wongokwera, x = t, uli ndi energy ndi power zonse zopanda malire. Wina wodabwitsa ndi 1 kugawa ndi sikweya ruti ya t, kuyambira pa t = 1: energy yake imakula ngati logarithm ya nthawi, sithera pena, koma imakula mwaulesi kwambiri moti power imathera pa ziro. Ameneyu mudzakumana naye pa mayeso kuposa pa ntchito.

Pali msampha umodzi umene ndimauona ukugwira ngakhale anthu amene anamaliza kale sukulu, wa kuphatikiza ma power. Masiginolo awiri akasakanikirana, power ya zonse si nthawi zonse pamene imakhala ya woyamba kuphatikiza ya wachiwiri. Sikweya ya x + y ili ndi kachidutswa kapakati, 2xy, ndipo avereji ya kachidutswaka ndiyo imalamula. Mafunde awiri a sine ofanana msinkhu ndi frequency, akamakwera ndi kutsika limodzi, amapanga funde la nsonga yowirikiza kawiri, power yake n'kuwirikiza kanayi. Lina likamakwera pamene linzake likutsika amafafanizana, power n'kukhala ziro, ndipo mahedifoni ochotsa phokoso amadalira zimenezi. Koma ma frequency akasiyana, avereji ya 2xy imafa, ma power n'kungophatikizana bwinobwino. Voteji yokhazikika ya mavolti 2 yokhala ndi funde la sine la nsonga ya mavolti 2 pamwamba pake ili ndi power ya 4 kuphatikiza 2, kutanthauza 6, ndipo RMS yake ndi pafupifupi 2.45. Amene munaphunzirako statistics muzindikira kuti apa tangophatikiza sikweya ya mean ndi variance. Phokoso lochokera kumagwero osadalirana nalonso limaphatikizana mwa ma power, osati mwa mavolti.

Zakuti ma frequency osiyana sasokonezana pa power ndi zimene zatifikitsa pa FFT yanu, njira yachangu ya pa kompyuta yowerengera Fourier transform, masamu amene amagawa siginolo m'ma frequency ake. Marc-Antoine Parseval analemba mu 1799 mfundo imene lero timaiwerenga motere: energy imene mwaipeza powonkhetsa masikweya motsatira nthawi ndi yomweyo imene mungaipeze powonkhetsa masikweya motsatira frequency. Lord Rayleigh anaigwiritsa ntchito pa Fourier transform mu 1889, ndipo Michel Plancherel anaipatsa umboni wokwanira mu 1910. Mfundoyi ndi chifukwa chachikulu chimene timakakamirira sikweya m'malo mongochotsa chizindikiro cha minus. Sikweya yokha ndi imene imasungika mukachoka ku nthawi kupita ku frequency, n'kukulolani kunena kuti gawo lakuti la mphamvu lili pakati pa 300 ndi 3,400 Hz, lotsalalo lili kunja.

Ndiye bwanji manambala anu akukangana? Ndikukhulupirira kuti vuto ndi N, chiwerengero cha masampulo. FFT ya mu NumPy ndi ya mu MATLAB, mukaisiya mmene ilili, sigawa ndi kanthu popita ku frequency, imadzagawa ndi N pobwerera. Choncho masikweya a zotuluka mu FFT mukawawonkhetsa amaposa a masampulo ka N. Yesani izi: pangani funde la sine la nsonga 1, masampulo 1,000, lokhala ndi maulendo athunthu, mwachitsanzo 50. Masikweya a masampulo akupatsani 500. Mu FFT mupeza mizati iwiri yokha, uliwonse wotalika 500, wina ku frequency ya plus wina ku ya minus. Masikweya awo pamodzi ndi 500,000. Gawani ndi 1,000, mwapeza 500, energy ija. Gawaninso ndi 1,000, mwapeza 0.5, power ija ya A² kugawa ndi 2. Ngati mukutaya theka la minus pojambula girafu, monga ambiri amachitira, mwataya theka la power, ndiye mizati yotsalayo muyenera kuiwirikiza kawiri, kupatula wa pa 0 Hz ndi wa pa theka la sampling rate (chiwerengero cha masampulo pa sekondi), imene ilibe mnzake kutsidya. Ngati mwachulukitsa masampulo ndi window, manambala ochepetsa masampulo a kumayambiriro ndi kumapeto, musanachite FFT, mwadulanso mphamvu ina. Window ya Hann imasiya magawo 3 mwa 8 a power, ndiye muyenera kugawa ndi 0.375 kuti mubwezeretse. Ndipo mukafuna energy yogwirizana ndi integral ya m'buku, osati ya masampulo chabe, chulukitsani ndi mpata wa nthawi wa pakati pa sampulo ndi inzake. Zinthu zinayi zimenezi zikakhala m'malo, manambala amagwirizana mpaka manambala ambiri akutsogolo kwa kadontho.

Apa m'pamenenso kugawa magulu kuja kumayamba kukulamulani zochita. Chimene muli nacho pa kompyuta ndi chidutswa chokhala ndi malire, ndipo inuyo ndi amene muyenera kusankha kuti chikuimira chiyani. Ngati mwajambula kuwomba m'manja kumodzi, kapena chivomezi kuyambira pamene chinayamba mpaka chitaleka, chochitikacho chalowa chonse m'chidutswamo. Nenani energy yake, ndipo musagawe ndi nthawi, chifukwa mukawonjezera masekondi a bata kumapeto avereji isintha pomwe chochitikacho sichinasinthe. Ngati mwajambula kulira kwa injini kapena phokoso la mu amplifier, mwangodulako pang'ono pa chinthu chopitirira. Nenani power, chifukwa energy ingowirikiza kawiri mukajambula nthawi yowirikiza kawiri, ndipo sikukuuzani kanthu za injiniyo. Lipoti lonena energy ya phokoso popanda kutchula kutalika kwa nthawi ine ndimangolibweza.

Phokoso lili ndi khalidwe lina loipa. Lilibe Fourier transform yokhazikika, ndiye timagwiritsa ntchito power spectral density, power ya pa hertz iliyonse. Norbert Wiener mu 1930 ndi Aleksandr Khinchin mu 1934 anaonetsa kuti imeneyi ndi Fourier transform ya autocorrelation, muyeso wa mmene siginolo ikufanana ndi kope lake losunthidwa m'nthawi. Pochita zenizeni, mukatenga FFT imodzi yaitali ya phokoso n'kuchita sikweya, njira imene Arthur Schuster anaitcha periodogram mu 1898, girafu imatuluka yaminga ngati udzu wosadula, ndipo kuwonjezera masampulo sikuisalaza, kumangochulukitsa mingazo. Mankhwala ake anawafotokoza Peter Welch mu 1967: dulani siginolo m'zidutswa zolowana, chitani FFT pa chilichonse, tengani avereji ya masikweya. Mumataya kuthwa kwa frequency pang'ono, n'kupeza girafu yoti mungaikhulupirire.

Koma ntchito yaikulu ya kusiyanitsa energy ndi power, m'kuona kwanga, ili pa funso lakuti uthenga wofooka umveka kapena ayi pakati pa phokoso. Bwererani ku pulse ya ma joule 0.05. Tengani capacitor ya ma microfarad 1,000 yodzaza mpaka mavolti 10, muikhuthulire mu rezisita ya 1 ohm. Voteji iyamba pa 10 n'kumatsika mofulumira, maonekedwe osiyana kotheratu ndi pulse yathyathyathya ija. Mukachita integral ya sikweya yake mupeza 0.05, yofanana ndendende ndi theka la CV² limene munaphunzira kale. Masiginolo awiriwa akusiyana nsonga, kutalika ndi maonekedwe, koma mukawamiza m'phokoso lofanana pa ma frequency onse, cholandirira chabwino koposa chidzawaona mofanana. D. O. North anaonetsa zimenezi mu 1943 pa kafukufuku wa radar: sefa yopangidwa mogwirizana ndi maonekedwe a siginolo, imene timaitcha matched filter, imatulutsa chiyerekezo cha siginolo ku phokoso cha 2E kugawa ndi N0, pomwe E ndi energy ndipo N0 ndi power ya phokoso pa hertz iliyonse. M'samuyo mulibe nsonga, mulibe maonekedwe. N'chifukwa chake radar imene zida zake sizingapirire nsonga yaikulu imatumiza pulse yaitali yosinthasintha frequency, n'kudzaipanikiza polandira.

GPS ndiyo imaonetsa zimenezi bwino. Phokoso la kutentha, limene John Johnson analiyeza ndipo Harry Nyquist analifotokoza m'zolemba zawo za 1928 ku Bell Labs, lili ndi power ya pafupifupi 4 × 10⁻²¹ watt pa hertz iliyonse pa kutentha kwa 290 K. Mainjiniya amaloweza nambalayi ngati −174 dBm pa hertz, pomwe dBm ndi ma decibel oyerekeza ndi miliwati imodzi. Siginolo ya GPS imene aliyense amagwiritsa ntchito imatenga malo a pafupifupi 2 MHz, ndipo phokoso la m'malo amenewo ndi −111 dBm. Siginolo yeniyeniyo, itayenda makilomita oposa 20,000 kuchokera ku setilaiti, imalonjezedwa kufika pansi ndi −128.5 dBm. Ili pansi pa phokoso ndi ma decibel 17.5, ndiye kuti phokoso likuiposa power ka 50 ndi kupitirira. Mutalumikiza oscilloscope simungaone kanthu. Komabe foni yanu imaipeza, chifukwa sifunsa za power, imasonkhanitsa energy. Setilaiti iliyonse imabwereza kodi yake ya tizidutswa 1,023 pa milisekondi iliyonse, ndipo uthenga weniweni umayenda pa mabiti 50 okha pa sekondi, biti imodzi mamilisekondi 20. Foni imachulukitsa zimene yalandira ndi kope lake la kodiyo n'kumawonkhetsa. Siginolo, popeza ikugwirizana ndi kopelo, imawonjezeka mwa mavolti, pomwe phokoso limawonjezeka mwa ma power basi, monga tanenera pa kachidutswa ka 2xy kaja. Power ya 1.4 × 10⁻¹⁶ watt kuchulukitsa masekondi 0.02 ndi 2.8 × 10⁻¹⁸ joule pa biti, imene ikuposa N0 pafupifupi ka 700. Cholandirira chenicheni chimawonjezera phokoso lake n'kudyako ma decibel angapo, koma mpata wotsalawo ndi wokwanira.

Chiyerekezo chimenechi, energy ya biti imodzi kugawa ndi N0, chimalembedwa Eb/N0, ndipo ndi chimene njira zotumizira uthenga zimayesedwa nacho. Chimalumikiza mbali ziwiri za funso lanu m'samu imodzi: energy ya biti ndi power yolandiridwa kugawa ndi chiwerengero cha mabiti pa sekondi. Chotumizira ndi siginolo ya power, biti iliyonse ndi siginolo ya energy. Power ikachepa ndipo simungaiwonjezere, chepetsani liwiro, biti iliyonse ipeze nthawi yokwanira. Voyager 1, imene inanyamuka mu 1977 ndipo wailesi yake ndi ya mawati ongopitirira 20, imamvekabe pa mtunda wa makilomita oposa mabiliyoni 20 chifukwa imalankhula pa mabiti 160 okha pa sekondi ndipo amaimvetsera ndi madishi a mamita 70. Pansi pake pali malire amene amachokera pa ntchito ya Claude Shannon ya 1948: Eb/N0 ikatsika kupitirira 0.693, kapena kuti −1.59 dB, palibe luso la kodi limene lingapulumutse uthengawo.

Popeza ma decibel alowa m'nkhani, kumbukirani kuti amayeza power. Ndi 10 kuchulukitsa logarithm ya chiyerekezo cha ma power, ndipo 20 amene mumamuona pa mavolti anabwera chifukwa cha sikweya yomwe ija. Kuwirikiza power kawiri ndi 3 dB, kuwirikiza voteji kawiri ndi 6 dB.

Mukafuna kuona ndi maso kuti nsonga ndi avereji ndi zinthu ziwiri, tengani multimeter wamba yosalembedwa kuti true RMS. Ma multimeter ambiri otere sachita sikweya. Amawongola fundelo, amatenga avereji, n'kuchulukitsa ndi 1.11, nambala imene ndi yoona pa funde la sine lokha. Ipatseni funde la sikweya losinthana pakati pa +1 ndi −1 volt pa 50 Hz, limene RMS yake ndi 1 volt ndendende chifukwa x² ndi 1 nthawi zonse. Mita ikuwonetsani pafupifupi 1.11, cholakwika cha 11 peresenti pa voteji, chimene chimakhala pafupifupi 23 peresenti mukachisandutsa power. Pa tima pulse tifupitifupi totalikirana imalakwitsa mbali inayo, imawerenga mochepa kwambiri, ndipo rezisita imene mungasankhe potengera nambala imeneyo idzatentha kuposa mmene munawerengera.